Tinachepetsa utsi, nanga bilu ya pemiti yakwereranji?

Mwezi uno makalata ambiri abwera kuchokera kwa abale athu amene akuchita bizinesi ku America, ndipo ambiri akulira chinthu chimodzi, fizi ya chilolezo chotulutsira utsi ndi mpweya woipa, chimene kumeneko amati air permit. Ndasankhapo anayi. Yoyambayo nditayapo nthawi chifukwa yankho lake likukhudza enanso onse.

Alangizi,

Ine ndili ndi kafakitale kopanga makabati a kukhitchini, tonse pamodzi ndi antchito tilipo 14. Timapopera vanishi ndi penti nde tili ndi pemiti ya mpweya imene timalipira chaka chilichonse ku boma la state yathu. Zaka zitatu zapitazo ndinatenga ngongole kubanki nkusintha zonse, tinasiya vanishi wa thina uja tinayamba wosungunula ndi madzi, tinagulanso mafyuluta atsopano, moti fungo lija linkakulandira uli pageti pano kulibe ndipo anyamata anga anasiya kudandaula za mutu. Ine ndimati bilu itsika poti zomwe tikutulutsa zachepa. Koma kalata yabwera mwezi wathawu ndalama yakwera, komanso muli mzere watsopano akuti maintenance fee umene sindinauonepo chiyambire. Nditaimba foni kuofesi kwawo amene anayankha anangoti malamulo asintha basi. Mtima ukundiwawa Alangizi, kodi munthu ukachita bwino ndiye azikulanga?

Bambo wa makabati

Bambo, pepani kwambiri, ndipo ndiyambe ndi kunena kuti ngongole ija simunaitaye m'madzi ayi. Anthu 14 amene akupuma bwino pantchito si nkhani yaing'ono. Koma zoona zake nzakuti zimene zakuchitikiranizi zikuchitikira anthu ambiri m'ma state osiyanasiyana, ndipo gwero lake ndi lodabwitsa, fizi ikukwera chifukwa choti mpweya wa ku America wayera kuposa kale.

Ndifotokoze kuyambira pachiyambi. Lamulo lalikulu la mpweya kumeneko ndi Clean Air Act la 1970, ndipo mu 1990, nthawi ya Pulezidenti George H. W. Bush, analiwonjezera gawo lotchedwa Title V. Gawo limeneli linati fakitale iliyonse yaikulu yotulutsa utsi ikhale ndi pemiti imodzi yolembedwamo malire ake onse, yoikonzanso zaka 5 zilizonse, ndipo ntchito yopereka mapemitiwo anaisiya m'manja mwa ma state, bungwe la EPA, loona za chilengedwe m'boma la federal la dziko lonse, nkumangoyang'anira pamwamba. Nde anawonjezera mfundo ina imene ndi yomwe yabala zonsezi, yakuti ndalama zoyendetsera ntchitoyi, malipiro a mainjiniya olemba mapemiti, a mainisipekitala, zowerengera malipoti, zonse zizichokera kwa eni mafakitalewo, osati ku msonkho wa anthu wamba. Anaika poyambira pa $25 pa tani iliyonse ya zoipa zimene fakitale yatulutsa pachaka, ndalama yomwe imakwera chaka ndi chaka motsatira kukwera mitengo kwa zinthu, moti pano inadutsa kale $60. Tani yake ndi ya ku America ija ya mapaundi 2,000, pafupifupi makilogalamu 907.

Mu 1990 nzeru imeneyi inkaoneka yabwino zedi, wowononga kwambiri alipire kwambiri. Ndipo amene ankanyamula katundu yense anali mafakitale opanga magetsi ndi malasha. Tangowerengani nokha, fakitale imodzi yotulutsa matani 4,000 a sulfur dioxide, pa $60 tani, ndi $240,000 pachaka pa mtundu umodzi wokha wa utsi, musanawerengere nitrogen oxides ndi fumbi. Mafakitale angapo otere ankakwanitsa kulipira ofesi yonse.

Kenako zinthu zinasintha. Mu 2005 malasha ankapereka pafupifupi theka la magetsi onse a ku America, pofika 2023 anali atatsika kufika cha m'ma 16 peresenti, gasi ndi mphepo ndi dzuwa zitalowa m'malo. Amene anatsala anaika makina otsuka utsi usanatuluke m'chumuni. Sulfur dioxide wochokera m'mafakitale a magetsi watsika ndi kuposa 90 peresenti kuchokera mu 1990. Kwa mwana wodwala mphumu iyi ndi nkhani yokoma kwabasi, koma kuofesi ya mapemiti ndalama zinauma, pomwe ntchito siinachepe nkomwe, pemiti ya fakitale yoyera imafunabe injiniya woiwerenga ndi inisipekitala wopita kukaona ngati makina otsuka utsi aja akugwiradi ntchito, ndipo malamulo oti awatsate achuluka kuposa kale. Ofesi yofufuza kayendetsedwe ka ntchito mkati mwa EPA, imene amati Office of Inspector General, inachenjeza za kuchepa kwa ndalama za Title V mu 2014, nkudzabwerezanso mu 2022. State ikalephera kutolera zokwanira, lamulo limalola EPA kulanda ntchitoyo nkumaiyendetsa yokha, ndipo palibe state imene imafuna zimenezo.

Nde ma state akuchita ziwiri, kukweza mtengo wa pa tani, komanso kuyambitsa fizi yokhazikika imene umalipira kaya watulutsa zambiri kaya zochepa. Mzere watsopano mwauonawo ndi umenewo. Chitsanzo chooneka bwino ndi Pennsylvania. Mu 2013 anakweza fizi ya pa tani kufika $85, koma sizinathandize kwa nthawi yaitali poti mafakitale a malasha ankangotsekabe, Bruce Mansfield anatseka mu 2019, Homer City amene anali wamkulu kwambiri mwa otsala mu state yonseyo anatseka mu 2023. Mu Januwale 2021 anayambitsa ndondomeko yatsopano yokhala ndi maintenance fee ya pachaka, $8,000 kwa a Title V, $4,000 kwa gulu lapakati lotchedwa synthetic minor, ndi $2,000 kwa ang'onoang'ono okhala ndi pemiti ya state, ndipo analemberatu kuti ndalamazi zizikweranso pakatha zaka zisanu.

Palinso china chimene anthu ambiri sachidziwa. Ndalama za Title V lamulo sililola kuzigwiritsa ntchito ina, nza mapemiti a mafakitale akuluakulu basi. Ndiye ntchito yoyang'anira tizimafakitale ngati kanu iyenera kupeza thumba lakelake, kale inkadalira thandizo lochokera ku boma la federal ndi bajeti ya state, koma zimenezo zikapanda kukwera pomwe malipiro a antchito akukwera, maso amatembenukira kwa inu.

Maganizo anga ndiwanena mosabisa. Kuti bizinesi yotulutsa zoipa m'mpweya izilipira ntchito yoiyang'anira, ine ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse. Chimene sichindisangalatsa ndi fizi yokhazikikayi ikaikidwa mosaganizira kukula kwa bizinesi, chifukwa $4,000 kwa kampani yoyenga mafuta ndi ndalama yosaimva nkomwe pomwe kwa inu ndi malipiro a mnyamata mmodzi a mwezi wathunthu kapena kuposa. Komanso mawerengedwe a federal aja amalekezera pa matani 4,000 pa mtundu uliwonse wa utsi, kutanthauza kuti m'ma state amene amatsata malire amenewa, wotulutsa matani 20,000 amalipira chimodzimodzi ndi wa 4,000. Wamkulu ali ndi denga lomuteteza, wamng'ono alibe. Apa pokha ndiye pamafunika kukonza.

Tsopano tibwere pa inu. Chinthu choyamba, tsegulani pemiti yanu muone gulu limene anakuikani. Sakuikani m'gulu potengera zimene mumatulutsa lero ayi, amatengera chimene amati potential to emit, ndiye kuti zimene makina anu angatulutse atamagwira ntchito usana ndi usiku osapuma, maola 8,760 pachaka. Ambiri opopera vanishi wa thina amapezeka kuti pa pepala akhoza kudutsa malire a fakitale yaikulu ngakhale m'moyo weniweni sanayandikirepo, nde amasaina kuti sadzapyola magaloni akutiakuti pachaka, nkukhala synthetic minor. Ngati inu munalowa m'gulu limeneli nthawi ya vanishi wakale uja, nkutheka ndithu kuti lero simulinso woyenera kukhalamo, koma ofesi siingakutsitseni yokha, mpaka inu mutalemba kupempha kuti aionenso pemitiyo.

Masamu ake si ovuta. Tengani malisiti onse a penti, vanishi ndi thina a chaka chatha, mutengenso mapepala a mankhwala amene ogulitsa amapereka, ma safety data sheet ndi ena ofotokoza za pentiyo, pamenepo pamalembedwa kuchuluka kwa VOC, timankhwala touluka tija timene timanunkha penti akamauma, pa galoni iliyonse. Tiyerekeze kuti kale munkagwiritsa magaloni 2,000 pachaka a vanishi wa mapaundi 5 pa galoni, amenewo ndi mapaundi 10,000, matani 5. Wa madziyu akakhala wa paundi imodzi pa galoni ndiye kuti mwatsika kufika tani imodzi. Muonenso ngati muli mankhwala a m'gulu loopsa la HAP monga toluene ndi xylene, chifukwa amenewa malire awo ndi otsika kwambiri ndipo kawirikawiri ndi amene amakankhira anthu a makabati m'gulu lapamwamba.

Musachite nokha zimenezi ndipo musathamangire kulipira konsalitanti. Gawo 507 la Clean Air Act limalamula state iliyonse kukhala ndi pulogalamu yothandiza mabizinesi ang'onoang'ono pa nkhani za mpweya, mwaulere, pamodzi ndi munthu wowaimirira amene amati ombudsman. Pa intaneti lembani SBEAP, chidule cha dzina la pulogalamuyi, ndi dzina la state yanu. Bizinesi ya antchito osapyola 100 imene si fakitale yaikulu imalowa m'gululi, ndipo gawo lomwelo limalola state kuchepetsa fizi poona mphamvu za bizinesi yaing'ono, nde funsani ngati kwanuko anatsegula khomo limeneli. Koma bilu yabwerayi ilipireni nthawi yake isanadutse, nkhani yosintha gulu iziyenda payokha.

Alangizi,

Ine ndi amuna anga tasunga ndalama zaka zisanu ndi chimodzi kuti titsegule galaji yowongola ndi kupenta magalimoto. Amuna anga ntchitoyi amaidziwa, akhala akugwirira ena. Malo tapeza kale koma mnzathu wina watiopseza kuti pemiti ya mpweya yokha ndi madola masauzande ambiri chaka chilichonse ndipo akuti yakweranso. Tisiye kodi?

Mayi wa ana atatu

Mayi, musasiye. Mnzanuyo wamva nkhani ya mafakitale akuluakulu nkuisenzetsa galaji yanu. Kuti bizinesi ilowe mu Title V imafunika ikhale yotha kutulutsa matani 100 pachaka a mtundu umodzi wa utsi, kapena matani 10 a mankhwala amodzi oopsa, kapena matani 25 a mankhwala oopsa onse pamodzi. M'madera amene mpweya ndi woipa kale malirewa amatsika, kufika 50, 25, ndipo ku Los Angeles ndi madera ozungulira mpaka matani 10 a VOC, komabe galaji ya chipinda chimodzi chopentera nthawi zambiri imakhala kutali ndi manambala amenewa. M'ma state ambiri galaji ngati yanu imangolembetsa, kapena imatenga pemiti yopepuka ya gulu lonse la magalaji, kapena imakhululukidwa kumene ikakhala kuti penti amene ikugwiritsa ndi wochepa. Ku Texas kuli njira yotchedwa permit by rule, imene bizinesi yaing'ono imangosonyeza kuti ikukwaniritsa mfundo zolembedwa kale. Ku California ndiye musapite ku state, kumeneko mapemiti amapereka ndi maofesi a m'madera, alipo 35, aliyense ndi mitengo yake.

Chimene ndikufuna musachiphonye ndi ichi, funsani za pemiti musanagule chipinda chopentera chija, spray booth, ndipo musanasaine lendi ya malowo. Malo ambiri amafuna chilolezo chomangira chipangizo chotulutsa utsi chisanaikidwe, nde ukaika kaye nkudzafunsa pambuyo umapezeka walakwa kale usanapente ndi galimoto imodzi yomwe, mwinanso chumuni chake chaloza kolakwika ufunika kugwetsa denga kachiwiri.

Kupatula za state, pali lamulo la federal la 2008 lokhudza opopera penti pa magalimoto, anthu a ntchitoyi amangoti 6H. Limafuna kuti kupopera kuzichitikira m'chipinda chotsekedwa chokhala ndi mafyuluta ogwira 98 peresenti ya penti wouluka, mfuti yopopera ikhale ya HVLP, yopopera ndi mphamvu yochepa ya mpweya kuti penti wambiri asamauluke, kapena yofanana nayo, ndipo wopenta aliyense aphunzitsidwe nkumabwereza maphunzirowo zaka 5 zilizonse. Cholinga chake ndi zitsulo zoopsa zopezeka mu penti wina, chromium, lead, manganese, nickel ndi cadmium. Amuna anu ayenera kuti anachita kale maphunzirowa kumene akugwira, apeze satifiketi yake aisunge. Ngati muli ku Indiana imbirani a CTAP, ngati ndi ku Pennsylvania a EMAP, onsewa ndi mapulogalamu a mabizinesi ang'onoang'ono aja, amathandiza ulere ndipo ntchito yawo ndi kulangiza osati kugwira anthu. Mu bajeti yanu ikanimo fizi ya pachaka ndi kamalo koti ikhoza kukwera, koma ndalama imene idzakudyereni kwambiri ndi mafyuluta ndi kutaya zotsala za thina, osati pemiti.

Alangizi,

Pali mkulu wina akugulitsa shopu yochapa masuti, dry cleaner, mtengo wabwino kwambiri. Wandiuza yekha kuti fizi ya pemiti sanalipire zaka ziwiri chifukwa inakwera ndipo palibe amene anabwera kudzamufunsa. Akuti nanenso ndikhoza kungokhala chete. Ndigule?

Mnyamata wofuna kuyamba

Achimwene, kukhala chete kumeneko ayi. Pemiti imafunika kuisintha dzina shopu ikagulitsidwa, ndipo tsiku limene mudzapite kukasintha ndi lomwe ngongole yonse idzatulukire pamodzi ndi chilango chochedwera. Kumene EPA imatolera yokha fizi ya Title V chilango chake ndi 50 peresenti ya ndalamayo kuphatikiza chiwongoladzanja, ma state nawo ali ndi zilango zawo. Mkuluyo alipire kaye zonse akuonetseni lisiti, kapena ndalamayo ichotsedwe pa mtengo molemberana pamaso pa loya.

Koma fiziyo ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi makina ali m'shopumo. Funsani ngati amachapira mankhwala otchedwa perc, dzina lake lonse perchloroethylene. Ku California makina a perc anayenera kukhala atachotsedwa onse pofika pa 1 Januwale 2023, ndipo mu Disembala 2024 EPA inatulutsa lamulo loti mankhwalawa athe m'mashopu ochapira m'zaka 10. Choopsa kwambiri nchakuti perc amalowa pansi pa simenti nkufika m'madzi a m'nthaka, ndipo kuyeretsa malo otero kukhoza kudya ndalama zoposa mtengo wa shopu yonse. Mtengo wabwino kwambiri uja mwina chifukwa chake nchimenechi. Musasaine kanthu akatswiri asanayeze nthaka ya pamalopo.

Alangizi,

Ine si wabizinesi, ndine namwino ndipo ndimakhala pafupi ndi fakitale ya mankhwala. Mwana wanga ali ndi mphumu. Ndikamva eni mabizinesi akudandaula za fizi ndimakwiya, chifukwa kwa ine zikuoneka ngati akungogula chilolezo chotiwonongera mpweya. Kodi si choncho?

Mayi namwino

Mayi, mkwiyo wanu ndikuumvetsa, munthu amene wagonapo maso usiku kumvetsera chifuwa cha mwana chikulira sangaione nkhaniyi ngati ya manambala chabe. Koma fizi sigula ufulu wopyola malire. Malire amalembedwa mu pemiti, ndipo fakitale ikawadutsa chilango chake nchapadera, kulipira fizi sikuiteteza. Fiziyo ndi imene imalipira munthu wopita kukayeza chumuni chija. Fakitale ya Title V imayenera kutumiza malipoti a zoyeza zake miyezi 6 iliyonse, ndipo chaka chilichonse mkulu wa kampani amasaina ndi dzina lake kuti atsata pemiti kapena aphonya pati. Ofesi ikakhala yopanda ndalama malipoti amenewa amangounjikana osawerengedwa, mapemiti otha nthawi amakhala zaka osakonzedwanso, ndipo wovutika ndi inu amene muli kuseri kwa mpanda. Anthu a ku Donora ku Pennsylvania anaziona mu Okutobala 1948, utsi wa fakitale ya zinki ndi ya zitsulo utakhazikika m'chigwa masiku angapo nkupha anthu 20, ena masauzande nkudwala, nthawi imeneyo kunalibe woyeza kapena wofunsa.

Nde inu ndi Bambo wa makabati uja simuli mbali zosiyana monga zikuonekera, nonse mukufunika ofesi yokhala ndi anthu okwanira, funso ndi loti katunduyo agawidwe bwanji. Ndipo nonse muli ndi pakamwa pa nkhaniyi. State ikafuna kusintha fizi imayenera kulengeza kaye nkupereka nthawi yoti anthu apereke maganizo, ku Pennsylvania mwachitsanzo zimatuluka mu Pennsylvania Bulletin, ndipo makampani akuluakulu sajomba, amatumiza maloya awo, pomwe eni tizimashopu ndi anthu okhala pafupi ndi mafakitale amadzamva zitatha kale. Lembetsani imelo yanu pa tsamba la ofesi ya zachilengedwe ya state yanu kuti zilengezo zizikupezani.

Pa fakitale ili pafupi nanuyo, pemiti yake ya Title V si chinsinsi, muli ndi ufulu woipempha nkuiwerenga. Ikamakonzedwanso pakatha zaka 5 pamakhala masiku 30 oti anthu alembe maganizo awo ndipo mukhoza kupempha msonkhano wa anthu onse, kenako EPA imakhala ndi masiku 45 oiunika, ndipo ikapanda kutsutsa, munthu wamba ali ndi masiku 60 olembera EPA kuipempha kuti itsutse. Kuti pempho lotero limveke, mfundo zake zimafunika zikhale zoti zinatchulidwa kale m'masiku 30 oyamba aja, nde yambani lero kulemba m'kabuku tsiku, nthawi, kumene mphepo imachokera ndi mmene mwana anapumira usiku umenewo, ndipo pezani tsiku limene pemiti ya fakitaleyo ikutha.